KODI NYENYEZI ZILAMULA MUNTHU?

Masiku ano si chachilendo kuona munthu wophunzira bwino, wobatizidwa, wosajomba Misa ya Lamulungu, atatsegula nyuzipepala kapena foni yake m'mamawa kuti aone zimene nyenyezi zamkonzera pa tsikulo. Munthu yemweyo atauzidwa kuti apite kwa sing'anga kukaombeza ula, angakane ndi mkwiyo, nati zimenezo nzachikunja. Koma za nyenyezi aziyesa zina, pakuti zidza ndi manambala ndi maina a Chilatini, ndipo palibe nkhuku yophedwa kapena ufa wothiridwa patsinde pa mtengo. Ena ati ndi masewera chabe. Ena afika pokana wowafunsira ukwati, kapena kuleka ulendo wofunika, chifukwa cha zimene awerengazo. Tsono akatekisti ndi akulu a mpingo afunsidwa kawirikawiri kuti: "Choipa nchiani pamenepa? Kodi si Mulungu yemwe adalenga nyenyezi? Nanga anzeru a kum'mawa aja sadatsogozedwe ndi nyenyezi kunka ku Betelehemu?"

Funsoli nlabwino, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi ukali. Pansi pake pagona funso lina lalikulu, limene anthu anzeru alimbana nalo zaka zoposa 2,000: kodi munthu ali mfulu, kapena moyo wake wonse udalembedweratu iye asanabadwe? Yankho la funso limenelo ndilo lisonyeza ngati kupemphera, kulapa ndi kuyesetsa kukhala wolungama kuli ndi phindu kapena iai.

KUMENE MWAMBOWU UDACHOKERA

Kuombeza ndi nyenyezi kudayambira ku Babiloni, m'dziko limene lero litchedwa Iraq. Anthu ophunzira a kumeneko adali kuyang'ana kumwamba usiku ndi usiku, nalemba pa mapale a dothi zonse zimene adaona. Poyamba adali kuombezera mfumu ndi dziko, za nkhondo, njala ndi miliri. Pambuyo pake adagawa njira imene dzuwa lioneka ngati liyendamo pa chaka m'zigawo 12, nayamba kuombezera munthu mmodzi-mmodzi, poyang'ana malo amene padali dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zoyenda, zimene masiku ano zitchedwa mapulaneti, pa tsiku la kubadwa kwake. Limodzi mwa mapale akale koposa a mtundu umenewu linena za mwana wobadwa m'chaka cha 410 Kristu asanabadwe.

Agriki adalandira mwambowu, naubveka chobvala cha filosofiya. Anzeru otchedwa Astoiki adaphunzitsa kuti chilengedwe chonse chiri ngati thupi limodzi, ndipo chokhudza chiwalo chimodzi chimveka m'ziwalo zonse. Adatinso chiri chonse chochitika chiri ndi chochititsa chake, chochititsacho chirinso ndi chake, monga mphete za unyolo, kotero kuti palibe kanthu kangathe kuchitika mwa njira ina. Ptolemy wa ku Alexandria, amene adalemba mabuku ake zaka za m'ma 150 Kristu atabadwa, adasonkhanitsa malamulo a kuombezaku nawaika m'dongosolo. Ganizo lake lidali lotere: dzuwa lisintha nyengo, mwezi ukweza ndi kutsitsa madzi a m'nyanja zamchere, tsono ngati zakumwamba zichita zotere ndi dziko lonse, zingalekerenji kuchita chimodzimodzi ndi munthu, amene ali kanthu kakang'ono?

Ganizo limeneli si lopusa ai. Mlimi ali yense adziwa kuti moyo wake umangika ku dzuwa ndi mvula, ndipo wapaulendo akaona Nthanda adziwa kuti kuli pafupi kucha. Akatswiri a zakuthambo anena kuti ngakhale chitsulo chiri m'magazi a munthu chidapangika m'kati mwa nyenyezi zakale-kale. Munthu sali mlendo m'chilengedwe. Chofunika kudziwa nchakuti kumangikako kulekezera pati.

AUGUSTINE NDI ANA AWIRI OBADWA NTHAWI IMODZI

Palibe adayesa nkhaniyi ndi moyo wake koposa Augustine Woyera, mwana wa mu Afirika, wobadwira ku Thagaste, m'dziko la Algeria la lero, m'chaka cha 354. Iye mwini asimba m'buku lake la Confessiones kuti paunyamata wake, asanabatizidwe, adali kupita kwa oombeza ndi nyenyezi. Sing'anga wa nsembe adamkana. Koma openda nyenyezi adawalola, poti iwo sadali kupha nyama kapena kuitana mizimu. Ndiye maganizo omwe aja a munthu wa foni m'manja.

Atakula adazindikira chimene chidamkoka kwenikweni. Oombezawo adali kuuza munthu kuti chochimwitsa chake chidachokera kumwamba, kuti wachita zimenezi ndi Venus, kapena Mars, kapena Saturn. Kwa mnyamata wogonja ku zilakolako mau otere adali otsekemera ngati uchi, pakuti mlandu udachoka pa iye nukagwera nyenyezi, ndipo potsiriza udagwera Mlengi wa nyenyezizo.

Dokotala wina wokalamba ndi wolemekezeka, dzina lake Vindicianus, adamlangiza kuti ataye mabuku amenewo. Adamuuza kuti iyenso paunyamata wake adawaphunzira kuti azidyerapo, koma ataona kuti ngonama adawasiya, posafuna kupeza chakudya chake ponyenga anthu. Augustine atafunsa chifukwa chake oombezawo nthawi zina alondola, mkuluyo adayankha kuti ndi mwai chabe, monga munthu angatsegule buku pena pali ponse napeza mau oyenerana ndi bvuto lake. Koma mnyamatayo sadakhutire, pakuti adafuna umboni wogwirika.

Umboniwo udadza ndi bwenzi lake Firminus, amene adabwera kudzamfunsa za nyenyezi zake, nasimba nkhani iyi. Atate ake a Firminus ndi mnzao wina adali okonda kupenda nyenyezi, kotero kuti adali kulemba ngakhale nthawi imene ziweto za pakhomo pao zidaswa. Pamene amai a Firminus adali ndi pakati, kudachitika kuti mdzakazi wa mnzao uja adalinso ndi pakati. Amuna awiriwo adapangana kuti ali yense akhale ndi mthenga wokonzeka, kuti mwana akangobadwa athamange kukauza mnzake. Tsikulo litafika, amithenga awiriwo adanyamuka, nakomana pakati peni-peni pa njira, mtunda wofanana kuchokera ku nyumba zonse ziwiri. Ana awiriwo adabadwa nthawi imodzi, m'mzinda umodzi, pansi pa nyenyezi zimodzimodzi. Koma Firminus adakula m'chuma, naphunzira, nakwera pa maudindo. Mnzake uja adakhalabe kapolo, natumikira ambuye ake.

Augustine atamva zimenezi, chikaiko chake chonse chidatha. Adaganiza motere: woombeza atapatsidwa nthawi ya kubadwa kwa ana awiriwa, ayenera kunena chimodzimodzi za onse awiri, pakuti nyenyezi zao nzimodzi, akatero anama za mmodzi wa iwo. Akanena zosiyana kuti alondole, ndiye kuti sadaziwerenge pa nyenyezi, wazitenga kwina.

Pankhaniyi pali chinthu china choyenera kuchilingalira. Chidasiyanitsa ana awiriwo nchiani? Sichidali kumwamba ai, chidali pansi pano. Wina adabadwira m'nyumba ya mfulu, wina m'nyumba ya kapolo. Ndipo ukapolo sudalengedwe ndi Saturn, udapangidwa ndi anthu, ndi malamulo ao, ndi umbombo wao. Woombeza akadauza mwana wa mdzakaziyo kuti nyenyezi zake nzaukapolo, akadachotsa mlandu pa anthu naukhomera kuthambo, kumene palibe angakautsate. Apa ndipo pali kuopsa kwa chiphunzitso chiri chonse chonena kuti zonse zidalembedweratu. Chitonthoza wochimwa asanalape, ndipo chigonetsa tulo wozunzidwa asanafunse chifukwa chake azunzidwa. Umphawi wodza ndi kubedwa kwa chuma cha anthu, imfa ya mwana yodza ndi kusowa kwa mankhwala, zonsezi zikatchedwa tsoka lobadwa nalo, palibenso adzaimirira kuti azikonze.

MAPASA NDI GUDUMU LA WOUMBA MBIYA

Kuchokera pamenepo Augustine adayang'ana za mapasa, makamaka Esau ndi Yakobo, amene adabadwa motsatana kwambiri, wachiwiri atagwira chidendene cha woyamba, koma adasiyana m'makhalidwe, m'nchito ndi m'mathero ao. Oombeza adali nalo yankho lao. M'buku lake lina la De Civitate Dei, limene adayamba kulemba m'chaka cha 413, Augustine asimba za Mroma wina, Nigidius, amene adazunguza mwamphamvu gudumu limene oumba a kumeneko aumbirapo mbiya, nalikhudza kawiri ndi inki mofulumira monga adathera. Gudumu litaima, madontho awiriwo adapezeka atatalikirana. Tsono iye adati thambo lizungulira msanga chomwecho, ndipo kamphindi ka pakati pa mapasa nkokwanira kusintha zonse.

Yankho limeneli lioneka lanzeru, koma lidzipha lokha. Ngati kamphindi kosatheka kukayesa kasintha moyo wonse wa munthu, woombeza adziwa bwanji za munthu ali yense, popeza palibe mzamba angalembe nthawi ya kubadwa molondola chotero? Ndipo ngati zimenezi ziri zoona, nanga nyuzipepala igawa bwanji anthu onse m'magulu 12 okha? M'chaka cha 2022 chiwerengero cha anthu pa dziko la pansi chidafika mabiliyoni 8. Gulu liri lonse likhala ndi anthu oposa mamiliyoni 600: makanda ndi nkhalamba, akaidi ndi oweruza ao, ena akukwatira pa tsikulo, ena akuikidwa m'manda. Onsewo auzidwa mau amodzimodzi.

THOMAS AQUINAS: THUPI NDI KUFUNA

Augustine adasonyeza kuti oombeza alephera. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adafotokoza chifukwa chake ayenera kulephera. Iye adayamba ndi kusiyanitsa zam'tsogolo m'mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndiwo wa zinthu zochitika mosalephera, chifukwa zochititsa zake ziyenda m'njira imodzi yokha. Kadamsana ali m'gulu limeneli. Pa 21 Juni 2001 dzuwa lidada masana ku Lusaka, ndipo akatswiri adaneneratu tsiku ndi mphindi yake zaka zambiri zisanachitike. Pamenepo palibe ula, pali masamu.

Mtundu wachiwiri ndiwo wa zinthu zochitika kawirikawiri, koma zosati nthawi zonse. Mitambo ikada, mvula iri pafupi. Koma mphepo ingathe kuimwaza. Mlimi, msodzi ndi dokotala aneneratu zotere poyang'ana zizindikiro, nthawi zina nalondola, nthawi zina naphonya, ndipo sachimwa potero.

Mtundu wachitatu ndiwo wa zinthu zodza mwangozi, ndi zodalira kusankha kwa munthu. Kodi mnyamata uyu adzasunga malonjezo ake a ukwati? Kodi mai uyu adzakhululukira mpongozi wake? Zimenezi sizingathe kuwerengedwa pa chochititsa chiri chonse, chifukwa mwini wake sanasankhe. Wonena kuti azidziwa afuna kukhala pa mpando umene uli wa Mulungu yekha.

Tsono Thomas adapitirira nati: nyenyezi ndi zinthu zokhala ndi thupi, ndipo chinthu cha thupi chikhudza thupi linzake. Koma nzeru ya munthu ndi kufuna kwake ziri mphamvu za mzimu, zosayesedwa pa sikelo. Moto ungathe kutentha dzanja, koma sungathe kukakamiza munthu kubvomera bodza. Njala ingathe kufoola thupi, ndi kukoka mtima ku nkhokwe ya mnzake. Koma kukoka sindiko kukakamiza, pakuti pa chaka cha njala alipo akuba, aliponso ogawana ndi anzao kaufa kao kotsiriza. Potsata maphunziro a nthawi yake, Thomas adabvomera kuti zakumwamba zingathe kupendeketsa thupi ku ukali kapena ku ulesi. Maphunziro a masiku ano sapeza mphamvu yotere m'mapulaneti. Aloza ku mtundu wa makolo, ku kaleredwe, ku matenda ndi ku zakudya. Komabe mfundo yake yaikulu iri chiimire: chiri chonse chopendeketsa munthu, chichokere kumwamba kapena m'magazi, chilekezera pakhomo pa kufuna kwake, ndipo mwini nyumba ndiye atsegula kapena kutseka.

Adanenanso chinthu china chobaya mtima. Chifukwa chimodzi chimene oombeza alondolera nthawi zina, iye adati, nchakuti anthu ambiri atsata zilakolako zao, ndipo owerengeka okha ndiwo azikaniza. Munthu wosadzigwira savuta kumneneratu. Chidakwa ali yense adziwa kumene chidzakhale pa tsiku la malipiro, ndipo posafunika nyenyezi. Koma munthu wodziletsa, wothandizidwa ndi chaulere cha Mulungu, adabwitsa ngakhale abale ake. Chotero pamene munthu akula m'ungwiro, ndi pamenenso oombeza asowa chonena za iye.

ZIMENE ZADZIWIKA PAMBUYO PAKE

Maphunziro a zakuthambo aonjezapo umboni wina. Dziko la pansi pozungulira lipendama pang'ono-pang'ono, monga ichitira nguli ikayamba kutopa, ndipo kupendamako kutenga zaka pafupi-fupi 26,000 kuti kubwerere pamene kudayambira. Hipparchus, Mgriki, adazindikira zotsatira zake zaka zoposa 100 Kristu asanabadwe. Chifukwa cha ichi, zigawo 12 zija zasendera pafupi-fupi chigawo chathunthu. Wobadwa pa 1 Epulo auzidwa kuti ali wa chigawo cha Nkhosa, chimene achitcha Aries. Koma pa tsikulo dzuwa liri pakati pa nyenyezi za Nsomba, zotchedwa Pisces. Oombeza a ku Ulaya ayankha kuti iwo sawerengera ku nyenyezi zeni-zeni, koma ku nyengo za chaka, kuyambira pa 21 Malichi, pamene dzinja lozizira litha ku maiko a kumpoto ndi zomera ziyamba kuphuka. Yankho limeneli liutsa bvuto lina kwa anthu a kum'mwera kwa ikweta, monga a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, pakuti kwa iwo mwezi wa Malichi ndiyo nthawi imene mvula iri pafupi kutha, chimanga chikucha, ndi chisanu chiri m'njira. Mwana wa ku Dedza apatsidwa makhalidwe otengedwa ku nyengo ya dziko limene sadabadwiremo.

Nkhani za nyenyezi za m'nyuzipepala nazo si zakale ai. Zidafala kuyambira mwezi wa Ogasiti 1930, pamene nyuzi ya Sunday Express ya ku London idapempha R. H. Naylor kuti aombezere mwana wamkazi wa banja lachifumu, Margaret, amene adangobadwa kumene. Awerengi adakondwa, ndipo nyuzi zina zidatsata, poona kuti malonda ayenda.

Nanga chifukwa ninji munthu powerenga amva ngati mauwo anena iye? M'chaka cha 1948 mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, adapatsa ophunzira ake 39 pepala, ali yense lake, nawauza kuti lifotokoza khalidwe lake la mwini. Adawapempha kuti apereke malikisi, kuyambira 0 kufika 5, monga mwa kulondola kwake. Powerengera onse pamodzi, malikisiwo adafika 4.3. Pambuyo pake adawaululira kuti onse adalandira mau amodzimodzi, ndipo ambiri a mauwo adawatola m'kabuku ka nyenyezi. Mau otakata alowa munthu ali yense, monga chitenje chiyenera wonenepa ndi woonda yemwe. Ndipo m'chaka cha 1985 magazini ya sayansi ya Nature idasindikiza mayeso a Shawn Carlson, m'mene oombeza odziwika adapatsidwa nthawi za kubadwa kwa anthu osawadziwa kuti alozere khalidwe la ali yense. Sadapambane munthu wongolota. Dokotala wokalamba wa Augustine uja adanena zoona.

NANGA MULUNGU SADZIWA ZONSE?

Pano wina wanzeru angafunse kuti: "Chabwino, nyenyezi sizilamula. Koma Mulungu adziwiratu zonse zimene munthu adzachita. Ngati adziwa, ziyenera kuchitika. Tsono ufulu uli kuti? Kodi unyolo sunangochoka m'manja mwa nyenyezi ndi kulowa m'manja mwa Mulungu?"

Funso limeneli lidayankhidwa m'ndende. Boethius adali nduna yaikulu ya mfumu Theodoric ku Italy. Adanenezedwa za chiwembu, nalandidwa zonse, natsekeredwa ku Pavia, ndipo adaphedwa cha m'ma 524. Ngati padali munthu woyenera kunena kuti adabadwa ndi nyenyezi yoipa, ndiye ameneyu. Koma podikira imfa adalemba buku losonyeza kuti munthu ali mfulu.

Iye adati kulakwa kwa funsoli kuli pa liu lakuti kudziwiratu. Munthu akhala m'nthawi: dzulo lapita, mawa silinafike, ali nako kamphindi ka tsopano kokha. Mulungu sali m'nthawi, pakuti nthawi nayo ndi cholengedwa. Kwa Iye zonse ziri pamaso nthawi imodzi. Chotero Mulungu salota za mawa; aona. Ndipo kuona chinthu sindiko kuchichititsa. Boethius adapereka fanizo la munthu amene aona dzuwa likutuluka, naonanso mnzake akuyenda pa njira. Zonse ziwiri aziona, zonse ziwiri nzoona. Koma dzuwa lituluka chifukwa silingathe kuchita mwina, pamene woyendayo ayenda chifukwa wafuna. Diso la wopenyayo silisintha chiri chonse cha ziwirizi. Momwemonso Mulungu aona zokakamizika monga zokakamizika, ndi zaufulu monga zaufulu.

Apa ndipo pasiyana chimene akunja adachitcha choikidwiratu ndi chimene Eklezia achitcha chisamaliro cha Mulungu. Choikidwiratu chiribe maso, chiribe makutu; palibe angachipemphe kanthu, palibe angachithokoze. Chisamaliro chiri cha Atate odziwa mwana ali yense ndi dzina lake, amene m'makonzedwe ao adasiyamo malo a pemphero la mwanayo, a kugwa kwake ndi a kubwerera kwake. Lero mafupa a Boethius ndi a Augustine agona m'tchalitchi chimodzi ku Pavia komweko, cha San Pietro in Ciel d'Oro.

CHIPHUNZITSO CHA EKLEZIA

Nkoyenera kubvomera kuti si atsogoleri onse a Eklezia adayenda molunjika pankhaniyi. Papa Paul III, amene adalamula kuyambira 1534 kufika 1549, adalemekeza wopenda nyenyezi Luca Gaurico, mpaka adampatsa uepiskopi. Koma chiphunzitso sichidasinthe. M'chaka cha 1586 Papa Sixtus V adaletsa kuombeza za moyo wa munthu ndi nyenyezi, nalola kuyang'ana kumwamba pofuna kuthandiza ulimi, maulendo a pa nyanja ndi kuchiza odwala. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2116, aika kufunsira ku nyenyezi pamodzi ndi mitundu ina ya maula, nanena kuti pansi pake pabisala chikhumbo cha kulamulira nthawi ndi zochitika, ngakhale anthu ena.

Eklezia sadana ndi nyenyezi. Tsiku la Pasaka liwerengedwa poyang'ana dzuwa ndi mwezi: ndilo Lamulungu lotsata mwezi wathunthu wa pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. Pofuna kukonza chiwerengero chimenechi, Papa Gregory XIII adasintha kalendala m'chaka cha 1582, kotero kuti tsiku la 4 Okutobala lidatsatidwa ndi la 15. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII adakhazikitsanso nyumba ya Vatican yopimira zakuthambo. Kumwamba kuuza Mkristu nthawi ya kupemphera ndi ukulu wa Mlengi. Sikumuuza amene ayenera kumkwatira.

Nanga anzeru a kum'mawa? Papa Gregory Wamkulu, amene adamwalira m'chaka cha 604, adaphunzitsa kuti ku Betelehemu nyenyezi ndiyo idatsata Mwana, si Mwana adatsata nyenyezi. Ndiponso nyenyeziyo yokha sidakwanire: anzeruwo adasokera ku nyumba ya Herode, ndipo adadziwa mudzi weni-weni atamva mau a mneneri. Mulungu adawapeza pamene adali, nawayankhula m'chinenero chimene adachidziwa, koma adatero kuti awafikitse kwa Mwini nyenyezi.

MAFUNSO AWIRI A M'MAMAWA

Zonsezi zingaoneke ngati nkhani za m'seminale, koma zifika pa mphasa ya Mkristu ali yense. Wotsegula tsamba la nyenyezi m'mamawa afunsa kuti: "Chidzandichitikira nchiani lero?" Wogwada ndi kupereka tsiku lake kwa Mulungu afunsa kuti: "Ndichite chiani lero?" Woyambayo adziyesa tsamba loyandama pa mtsinje, wachiwiriyo adziwa kuti nkhafi iri m'manja mwake, ngakhale mafunde sali ake. Munthu akabwereza funso limodzi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, funsolo limuumba.

Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene adamwalira m'chaka cha 1556, adaphunzitsa anthu ake kufufuza mtima tsiku ndi tsiku: kuthokoza Mulungu pa zabwino, kupempha kuwala, kubwereza ora ndi ora zimene munthu waganiza, wanena ndi kuchita, kupempha chikhululukiro, ndi kutsimikiza za kusintha. Ofuna kudzidziwa apeza pano chimene adachisowa kwa oombeza, pakuti pano sapatsidwa chitenje cha onse, koma aona nkhope yao-yao. Ndipo mu Sakramenti la Kulapa munthu atchula yekha kuti wochita tchimolo ndi iye mwini. Mauwo ngowawa, komanso ndiwo ulemu waukulu wa munthu, pakuti mbuzi singathe kuwanena, ngakhale nyenyezi singathe. Wonena kuti ukali wake ngwa chigawo chimene adabadwiramo wadzitsekera yekha khomo la kusintha, pakuti tsiku lobadwa palibe angalisinthe. Koma wobvomera kuti ukaliwo ngwake angathe kuutaya.

Akatekisti asafulumire kudzudzula. Kawirikawiri wothamangira ku nyenyezi ali ndi mantha: mayeso ali pafupi, nchito yasowa, banja lagwedezeka. Akulu adati tsoka silinunkha, ndipo mtima wa munthu ufuna kulinunkhiza lisanafike. Wotereyo afunika kumveredwa, kufunsidwa chimene chimuopsa, ndi kuperekezedwa. Wonena kuti angowerenga moseka adziyese motere: aleke mwezi wathunthu. Ngati mtima wake ukhala m'malo, zidalidi zoseka. Ngati usowa mtendere, ndiye kuti chingwe chidalowa kale m'khosi. Ndipo mtsikana kapena mnyamata wofuna banja ayang'ane khalidwe la mnzakeyo, afunse ankhoswe ndi makolo, apemphere. Asataye munthu wabwino chifukwa cha mwezi umene adabadwa.

Woombeza afunsa tsiku limodzi lokha, la kubadwa, nati zonse ziri m'menemo. Eklezia pa kalendala yake akondwerera kubadwa kwa atatu okha: Ambuye Yezu, Amai Maria ndi Yohane Mbatizi. Oyera ena ambiri awakumbukira pa tsiku la kumwalira kwao, chifukwa pa tsiku limenelo ndipo zioneka chimene munthu adachita ndi ufulu wake pamodzi ndi chaulere cha Mulungu. Augustine adabadwa pa 13 Novembala 354, ndipo owerengeka ndiwo adziwa tsiku limenelo. Adamwalira ku Hippo pa 28 Ogasiti 430, atatha masiku ake otsiriza akupemphera masalimo a kulapa. Ndipo chaka ndi chaka, pa 28 Ogasiti, dzina lake litchulidwa pa guwa.